Kabatani Kachinayi Kuchokera Kumanzere

Kukoleji kompyuta tinaiphunzira pa bolodi. Makina enieniwo analipo, koma ochepa, ndipo ambiri ankangokhala ofunditsidwa nsalu chifukwa anali akufa kale. Aphunzitsi athu ankatenga choko n'kujambula kamzere ka tizithunzi kamene kamakhala pamwamba pa sikirini, kaja amati tuluba, ife n'kumakopera m'makope. Pamayeso ankafunsa kuti kabatani kachitatu kuchokera kumanzere n'kantchito yanji, ndipo ine ndinkakhoza, poti kuloweza ndiye ndinkakutha. Setifiketi yanga ndinaipeza choncho, mowerenga ndi chala. Tsiku londifunsa mafunso olowera ntchito, zimenezi sindinazitchule.

Ntchitoyo ndinaipeza mwana wanga ali ndi miyezi inayi, ku kabungwe kokonza mijigo yowonongeka m'midzi ya kuno ku Karonga. Anandilemba moyesa kwa miyezi itatu. Anati ikatha miyeziyo, ndidzalandira kalata yondikhazikitsa kapena yonditsanzika. Bambo a mwana anali atawolokera ku Tanzania kukasaka maganyu, foni yawo n'kumapezeka mwa apo ndi apo, ndipo ine ndinkakhala ndi apongozi anga. Ndinkadziwa kuti m'nyumbamo tonse atatu tikuyang'ana kalata imeneyo.

Otiyang'anira mu ofesi anali mayi wina wochokera kuchigawo chapakati, tonse tinkangoti madamu. Chitumbuka ankachimva pang'ono koma osachiyankhula, choncho iwo akakhalapo tinkayankhula Chichewa, akatuluka n'kubwerera kuchiyankhulo chathu. Sanali ankhanza. Vuto lawo, kapena ndinene kuti vuto langa, linali lakuti ankachita zinthu mwachangu, ndipo ankaganiza kuti munthu wa setifiketi safunika kumuuza kawiri.

Tsiku loyamba anandikhazika pa kompyuta yaikulu ya pa tebulo langa n'kutsegula pulogalamu yoyendetsera ntchito zathu. Mjigo uliwonse unali ndi mzere wake: mudzi, chimene chawonongeka, zithunzi zimene amakaniki anajambula, zipangizo zofunika, ndi tsiku lopitako. Lolemba lililonse m'mawa madamu ankasindikiza pepala la sabata kuchokera m'menemo, ndipo galimoto inkapita kumene pepalalo lanena.

“Chimene mulibe umu, kwa ife kulibe,” anatero akugogoda sikirini ndi chikhadabo. “Ine mijigo yonseyi sindingaisunge m'mutu. Mutu wanga ndi uwu.”

Kenako anadutsa pa tuluba ngati akuwerenga mndandanda wa kumsika. Aka n'kowonjezera mjigo, aka n'kokonzera zolembedwa, aka n'kosankhira makaniki, aka n'kosinthira tsiku, aka n'kosonyeza kuti ntchito yatha. Atafika pa kachisanu ndi chimodzi anati kameneko ndikasiye kaye, adzandiuza tsiku lina.

“Mwamva, asisi?”

“Ndamva, madamu.”

Atangotembenuka ndinatulutsa kope m'chikwama n'kulemba kumapeto kwake manambala, wani mpaka sikisi, iliyonse ndi ntchito yake. Pa sikisi ndinalemba kuti osakhudza, n'kudula mzere pansi kawiri. Tizithunzito sindinatiyang'anitsitse n'komwe. Tinali tating'ono, totuwa, tofanana tonse. Ine ndinkangofika, kuika kamuvi ka mausi kumanzere, n'kuwerenga chamumtima. Kwa masabata ambiri zinayenda. Madamu mpaka anauza adalaivala kuti ndine wachangu, ine n'kumwetulira.

Tsiku limene ndinalakwitsa linali Lachisanu, patatsala sabata imodzi kuti miyezi itatu ija ikwane. M'mawa ndinapita ndi mwana kusikelo kukabayitsa katemera. Mzere unali wautali, dzuwa la kuno mukulidziwa, ndipo atamubaya analira mpaka mawu kutha. Ndinakamusiya kwa apongozi thupi litayamba kufunda. Iwo anati ndi mmene zimakhalira, ndipite. Ndinakwera kabaza mtima wonse utatsala kunyumba.

Ndinafika mochedwa n'kupeza magetsi athima, kompyuta yanga yaikulu ili zii. Madamu anali ataima pakhomo chikwama paphewa, galimoto ikulira kale panja, ulendo wa ku Lupembe. Anandipatsira kalaputopu kawo kakang'ono.

“Batire lilipo la ola limodzi. A komiti ya mjigo wa ku Ngara aimba, akuti mchenga, miyala ndi njerwa asonkhanitsa kale. Muuike pa Lachinayi likubwerali. Ndawauza kuti Lachitatu aphwanyiretu simenti yakale ija, amisiri akangofikira kumanga. Musaiwale.”

Umu ndi mmene tinkagwirira ntchito. Bungwe linkabweretsa simenti, mapaipi ndi amisiri, koma mudzi unkayenera kututa mchenga ndi miyala, n'kuphwanya chosanja chakale chong'ambika, simenti ya pansi pa mjigo ija, tsiku loti mawa tikufika. Akaphwanya, mjigowo sutungidwanso mpaka chatsopano chitamangidwa n'kuuma.

Ndinatsegula laputopu ija. Mzere wa Ngara ndinaupeza, ndinaudina, unasintha mtundu monga mwa masiku onse. Ndinapititsa kamuvi pamwamba kumanzere. Wani, thuu, fili, folo. Ndinadina. Panatulukira kabokosi kofunsa m'Chingerezi, ndipo sindinakawerenge, poti kosinthira tsiku nakonso kamafunsa. Maso anali pa foni yanga, ndikudikira kuti mwina apongozi aimba. Ndinavomera.

Kalendala sinabwere. Mzere wa Ngara unangochoka, wa pansi pake n'kukwera kudzakhala pamalo pake, ngati mmene anthu amasunthirana pa benchi wina akanyamuka.

Ndinayang'ana m'mwamba, ndinayang'ana m'munsi. Ndinatseka pulogalamu n'kutsegulanso. Ndinalemba dzina la Ngara m'kabokosi kofufuzira, osapezeka kanthu. Apo m'pamene ndinayang'ana tuluba ija ndi maso enieni, mwina kwa nthawi yoyamba. Inali yaifupi. Pa sikirini yaing'onoyo tizithunzi tina tinali titasowa, ndipo kumapeto kunali timadontho titatu timene sindinationepo. Ndinawerenganso. Kachinayi kanali kajambulidwe ka bokosi lotsekedwa. Ndinakumbukira chala cha madamu chitaima pa kabokosi komweko tsiku loyamba lija. Kanali ka sikisi, kamene ndinadula mizere iwiri pansi pake.

Ndinakhala manja ali pamiyendo, kuopa kukhudza china chilichonse, mpaka batire linatha lokha. Sikirini itada ndinamva ngati ndapumula pang'ono, ngati zatha, koma sizinathe.

Madamu anabwera madzulo atatopa, fumbi mpaka m'nsidze. Anangofunsa akutenga laputopu yawo kuti, “Ngara mwaika?”

Ndinati, “Eya, madamu.”

Mawu amenewa anatuluka okha. Ndakhala ndikuwabwereza m'mutu nthawi zambiri, kufuna kupeza pamene ndikanawagwira asanatuluke, koma sindipapeza.

Loweruka ndi Lamulungu mwana anazizira thupi, anayamba kuseka, koma ine chakudya sichinkalowa. Apongozi anaphika mbalagha, nthochi zofewa bwino ndi nyama, ine n'kumangotembenuza supuni. Anandifunsa ngati bambo a mwana anena china chake pa foni. Ndinati ayi, ndi mutu chabe. Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinkangokonza mapulani. Ndinadziuza kuti Lolemba ndilawirira, pa kompyuta yanga yaikulu tizithunzi tikakhala m'malo mwake, ndipo mwina Ngara ikapezeka ilipo, mwina inangosowa pa laputopu pokha.

Lolemba ndinafika mlonda asanatsegule n'komwe geti. Magetsi analipo. Tizithunzi tonse tinali m'malo mwake, koma Ngara panalibe. Ndinaganiza zolemba mzere watsopano, koma munkafunika zithunzi ndi mndandanda wa zipangizo, zimene zinali ndi amakaniki, ndipo kuwafunsa kukanakhala kudziulula. Komanso pulogalamuyo imalemba pambali pa mzere uliwonse amene waupanga ndi tsiku lake. Ka sikisi kaja ndinkakayang'ana ngati njoka. Sindinayerekeze kukayandikira.

Madamu anasindikiza pepala la sabata ali pa foni ndi alendo amene ankabwera kudzaona ntchito zathu. Analisainira osaliwerenga bwino, n'kulipereka kwa adalaivala. Pa Lachitatu ndi Lachinayi pepalalo linanena kuti ku Sangilo, Ngara panalibe. Ndinaima pambali pa makina osindikizira, ndikudziuza kuti akangotsitsa foni ndinena. Atatsitsa foni anandiyang'ana n'kumwetulira.

“Asisi, Lachisanu ndi tsiku lanu lija, eti? Kalata ndalemba kale, yangotsala kusaina.”

Ndinathokoza. Ndinabwerera pa mpando wanga.

Masiku otsatirawo ndinkagwira ntchito ngati munthu wabwinobwino. Ndinkapita kunyumba masana kukayamwitsa, n'kubwerera. Ndinkadzinamiza kuti mwina a ku Ngara achedwa kuphwanya, poti midzi yambiri imachedwa. Mwina kugwa maliro, ntchito n'kuima. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndinafika pokhumba kuti kumudzi kwa eni kuchitike chinachake choti chindibise ine. Ndinkawerenga masiku: ndikangolandira kalata Lachisanu, Lolemba ndidzanena. Munthu wokhazikika samuchotsa chifukwa cha batani.

Lachinayi chakumasana foni ya mu ofesi inalira, ndipo ndinali ndekha pafupi nayo. Anali mayi wapampando wa komiti ya mjigo ku Ngara. Anandipatsa moni m'Chitumbuka, mwaulemu, osafulumira, kufunsa za kunyumba ndi za kuntchito. Kenako anafika pa nkhani.

“Mama, ife tinaphwanya dzulo monga munanenera. Amuna anayamba m'mamawa, pofika masana zonse zili pansi. Lero tawaphikira amisiri anu mpunga, nkhuku tapha, tadikira kuyambira m'mawa. Kodi asochera?”

Ndinamva mawu anga akuti, “Ali m'njira, mama.”

“Yewo, tathokoza. Chifukwa madzi tikutunga kudambo kuyambira dzulo, komwe zimamwa ng'ombe. Akuluakulufe tipirira, koma tiana iti. Muwauze asachedwe.”

Nditaika foni pansi ndinaona kuti bulauzi yanga yanyowa kutsogolo. Nthawi yoyamwitsa inali itakwana. Ndinaganiza za apongozi, mmene amawiritsira madzi a mwana wanga n'kuwasefa pa kansalu koyera, ngakhale ndi a pampopi. Ndinaganiza za mayi uja akubwerera kukauza anzake kuti ali m'njira, iwo n'kufunditsa mpunga kuti usazizire. Ndinafunda chitenje paphewa, ndinatenga kope langa, n'kukagogoda kwa madamu.

Ndinanena zonse nditaimirira, mosalongosoka, kuyambira kusikelo. Madamu sanandidule. Nditamaliza anatenga foni yawo kaye, kuimbira amakaniki ku Sangilo kufunsa ngati angathe kunyamuka. Anayankha kuti mapaipi ali kunja, sangasiye chitsime chili chotsegula, ndipo simenti ya Ngara sanainyamule. Ndiye kuti mpaka mawa. Anaimbiranso mayi wapampando uja, n'kuwauza m'Chichewa chosakaniza kuti amisiri safika lero, apepese, ndipo madzi akudambowo awiritse. Zonsezi ine ndili chiimire.

Kenako anatsegula laputopu ija n'kuitembenuzira kwa ine.

“Tandionetsani mmene munachitira. Musadine, mungondionetsa.”

Ndinagwira mausi. Kamuvi kanapita kumanzere, ndipo milomo yanga inayamba yokha. Wani, thuu, fili.

“Mukuwerenga chiyani?”

Ndinawapatsa kope. Anayang'ana manambala aja nthawi yaitali, mpaka pa mizere iwiri ija.

“Miyezi itatu yonseyi mwakhala mukuwerenga?”

“Ndi mmene tinaphunzirira, madamu. Pa bolodi.”

Ndinkadikira kuti aseke kapena akalipe. Anangopuma mozama n'kukoka mpando wina kuti ndikhale. Anaika dzanja lawo pamwamba pa langa, n'kuyendetsa kamuvi mpaka pa kabokosi kaja.

“Siyani pomwepo. Musadine. Dikirani.”

Tinadikira kanthawi kochepa, ndipo pansi pa kamuvi panatulukira timawu tonena dzina la kabataniko. Anasunthira pa kena, nakonso kananena dzina lake. Anadina timadontho titatu tija, ndipo tizithunzi tiwiri tosowa tija tinali m'menemo, kokonzera zolembedwa ndi kosankhira makaniki. Anati sikirini ikachepa, pulogalamu imapinda tina n'kutibisa, totsalato n'kusunthira kumanzere. Kabokosi kaja sikafufuta kanthu. Kamangochotsa mzere pamaso n'kukausunga pambali, ngati kuika fayilo m'kabati. Anatsegula kabatiyo, ndipo Ngara inali momwemo, zithunzi zake, zipangizo zake, zonse. Anadina kawiri, inabwerera pamalo pake.

Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi. Ndinayamba kulira, osati mokweza, misozi yokha.

“Ine ndinalakwa kukuuzani kuti mukasiye osakuuzani ntchito yake,” anatero. “Pepala lija ndinasainanso osawerenga. Zimenezo n'zanga. Kudina molakwika aliyense amadina, Lachisanu lomwelo tikanakonza musanapite kunyumba. Koma ndinakufunsani, munati eya. Mayi uja mwamuuza kuti ali m'njira. Pamenepo ndiye mundiuze kuti nditani.”

Anatseka kope lija n'kundibwezera.

“Kalata ija sindisaina mawa. Ndikuwonjezerani mwezi wina woyesa, ndione. Ndipo mawa mukwera nawo galimoto. Mukawauze nokha.”

Kunyumba ndinawauza apongozi madzulo omwewo tikusenda chinangwa. Anafunsa kuti, “Ndiye akuchotsa?” Ndinati sindikudziwa, pakatha mwezi. Anati ndikatenge chitenje chawo chatsopano chija ndikavale ku Ngara, munthu sapita kukapepesa atavala zakutha.

M'mawa ndinakwera galimoto mwana ali pamiyendo, poti unali ulendo wa tsiku lonse. Kumbuyo kunali matumba a simenti ndi amisiri. Adalaivala, bambo wachikulire wokonda zocheza, anali atamva kale nkhani yonse.

“A kompyuta, mwakhala bwino? Musakhudze batani lililonse m'galimoto muno, tingasowe tonse pamsewu.”

Amisiri anaseka kumbuyo. Ine ndinayesa kumwetulira koma sizinatheke. Titayenda ndithu, anatsitsa mawu.

“Musade nkhawa, mlongo wanga. Tikangowauza kuti makina anasokoneza. Kumudzi akamva za kompyuta safunsanso zambiri.”

Ndiulule kuti mawu amenewo anandikomera. Msewu wonse ndinkawatembenuza m'mutu.

Tinapeza mjigo uli pakati pa zidutswa za simenti, chogwirira atachimanga ndi chingwe kuti ana asapope. Pambali panali milu ya mchenga ndi miyala, yosanjidwa bwino, ndipo ndinadziwa kuti yonseyo inabwera pamitu ya amayi. Iwo anali atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi zidebe zawo. Wapampando uja anali wamfupi, wa msinkhu wa mayi anga, ndipo anatilandira ndi moni wonse bwinobwino asanafunse kanthu. Adalaivala anayamba kale kuti mukudziwa makina a masiku ano, mama, nthawi zina amangoiwala.

“Si makina,” ndinatero m'Chitumbuka. Mawu anatuluka aang'ono, ndinachita kubwereza. “Si makina, mama. Ndine. Ndinalakwitsa sabata yatha, ndinaopa kunena. Dzulo pa foni ndinali ine, ndipo ndinakunamizani. Sanali m'njira.”

Amayi aja anasiya kuyankhula. Wina chakumbuyo anati, “Ndiye ndi kameneka?” Wapampando anandiyang'ana nkhope, kenako anayang'ana mwana amene ndinali nditabereka.

“Ngwa miyezi ingati?”

“Isanu ndi iwiri.”

“Amamwa madzi?”

“Pang'ono. Owiritsa.”

“Ehe.” Anagwedeza mutu. Kenako anati, “Nkhuku ija tinadya tokha, sitikanaisunga. Lero amisiri anu adya mpunga ndi chigwada, muwauze kuti ndi chifukwa cha inu. Ndipo poti mwabwera, chidebe icho. Simenti imafuna madzi, ndipo madzi ali kudambo.”

Anandimasula mwana n'kumupatsa mayi wina, ine n'kulowa mumzere wa otunga. Kudambo kunali kotalikirapo. Madzi ake anali ofiirira, m'mphepete muli mapondedwe a ng'ombe. Ndinapita maulendo angapo, chitenje cha apongozi chitanyowa mpaka m'mawondo, khosi likuwawa poti ndinali nditaiwala kusenza. Ulendo wachitatu amayi aja anayamba kundiseka kayendedwe, kuti a mu ofesi akasenza amayenda ngati abakha, ndipo kusekako kunandipepukira kuposa chete uja. Amisiri anamaliza kumanga madzulo, koma anati chosanjacho chisapondedwe mpaka chiume, masiku ena angapo. Masiku amenewo akanakhalapo ndithu, koma limodzi lowonjezera linali langa, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa.

Mwezi wowonjezera uja unali wautali kuposa miyezi itatu yoyamba. Foni ya mu ofesi ikalira mtima unkadumpha, ndikuganiza kuti ndi ku Ngara, mwana wina watsegula m'mimba. Sanaimbe za zimenezo, koma sindinganene kuti palibe amene anadwala, chifukwa sindinafunse. Ndinkaopa yankho. Madamu sanaitchulenso nkhaniyo. Anangoyamba kuti Lolemba lililonse tiziwerenga pepala la sabata tonse awiri, mokweza, mudzi ndi mudzi, asanasaine.

Kalata yondikhazikitsa inabwera mwezi utatha, Lachisanu masana. Anangoiika pa tebulo langa akudutsa, n'kunena kuti ndisinthe tsiku la mjigo wina wa ku Lupembe. Ndinaiwerenga kawiri, ndinaipinda n'kuiika m'kope lija, pa tsamba la manambala. Kenako ndinagwira mausi. Chala chinayamba chokha kuwerenga, mpaka lero chimatero. Nditafika pa kachinayi ndinaima n'kudikira kuti kanene dzina lake.